Chitini cha makobidi a agogo: chuma kapena zinyalala?

Maliro atha, anthu ameta, ndipo tsiku logawa katundu wa malemu lafika. Mwini mbumba wakhala pampando pakhonde, ana ndi adzukulu ali pamphasa, ndipo wina watulutsa bokosi lachitsulo lija malemu sankalola munthu kulikhudza. Pansi pa jekete lakale, makadi a chipani ndi ziphaso za msonkho papezeka chitini cholemera moti mwana sangachinyamule ndi dzanja limodzi.

Pochitsegula, m'kati muli ndalama zachitsulo zokhazokha. Zina zada bii, zina zamera dzimbiri lobiriwira, zina zili ndi chibowo pakati, pomwe zina zamatana ngati adachita kuziwotcherera.

Zoterezi si zachilendo m'midzi ya kwa Kachindamoto m'boma la Dedza, kuyambira ku Golomoti, kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka. Chitini chikatuluka, banja limagawikana pawiri. Ena amati izi n'zinyalala, angozipereka kwa ana azisewerera masanje. Ena amakumbukira mphekesera zoti kuli anthu ogula ndalama zakale pamtengo wa galimoto, ndiye amafuna aliyense alandire gawo lake pompo, ngakhale potapa ndi mbale.

Mbali zonse ziwiri zimaphonya. Zambiri mwa ndalamazo sizingagule ndi mulu wa tomato womwe, komatu mwina m'nyumba monsemo mulibe china chomwe chasunga mbiri ya banjalo ngati chitinicho. Vuto ndi lakuti kuchigwa kuno, komwe kumatentha ndiponso chinyontho sichisowa, mbiriyo ikudyeka ndi dzimbiri chaka ndi chaka.

Zidabwera bwanji m'chitini?

Asadabwere atsamunda, malonda m'dera lino ankayenda ndi nsalu, mikanda, mchere ndi makasu. Chomwe chidakakamiza anthu kusaka ndalama yachitsulo ndi msonkho wa nyumba omwe boma la Harry Johnston lidakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, wa mashileni atatu pachaka. Pamene ansembe a chipani cha White Fathers ankafika pa Mua mu 1902, shileni ya ku Britain idali itayamba kale kudziwika m'midzi. Njanji yopita ku Salima itatha kumangidwa mu 1935, masiteshoni a Golomoti ndi Mtakataka adasanduka malo ogulitsirapo thonje, nsomba ndi mpunga, ndiponso pokwerera anyamata opita kukasaka ntchito kunja.

Kawerengedwe ka masiku amenewo kadali kozunguza mutu. Makobidi 12 ankapanga shileni imodzi, mashileni 20 ankapanga paundi, kutanthauza kuti paundi imodzi idali makobidi 240. Pakati pake padali tiki, ya makobidi atatu, ndi sikisipensi, ya makobidi asanu ndi limodzi. Mpaka lero munthu akati alibe ngakhale khobidi, akutchula ndalama yomwe idaleka kugwira ntchito ambiri mwa ife tisadabadwe.

Pansi penipeni pa chitini ndi pomwe pamapezeka ndalama za nkhope za mafumu a ku Britain: George V yemwe adalamulira kuyambira 1910 mpaka 1936, ndi George VI yemwe adamwalira mu 1952. Zina zidalembedwa Southern Rhodesia, kaamba koti dzikolo lidayamba kusula ndalama zakezake mu 1932 ndipo zidadzavomerezedwa kugwira ntchito kuno ku Nyasaland.

Kenako pamabwera za chitaganya, zolembedwa Rhodesia and Nyasaland, zomwe zidayamba kutuluka mu 1955. Khobidi lake lili ndi chibowo pakati ndipo m'mbali mwa chibowocho mwaima njovu ziwiri. Theka la khobidi nalonso n'lachibowo koma pali akadyansonga. Pa shileni pali mphalapala, pomwe pa ya mashileni awiri pali nkhwazi itagwira nsomba. Chitaganyacho chidatha kumapeto kwa 1963 anthu atachikana kwamtuwagalu, koma ndalama zake zidatsala m'mabokosi.

Mwa zonsezi mumasakanikirana ndalama za maulendo. Masenti a ku South Africa adabwera ndi amuna a Wenela, mpaka pomwe boma lidaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankachokera kumigodi. Pali za ku Rhodesia zomwe adabwera nazo matchona a m'mafamu a fodya, pali ngwee za ku Zambia, ndiponso ma escudo ndi ma metical a ku Mozambique, omwe ambiri adalowa ndi othawa nkhondo amene adadzaza maboma a Dedza ndi Ntcheu m'zaka za m'ma 1980. Munthu wodziwa kuwerenga chitini angathe kuuza adzukulu komwe agogo awo adayenda, ngakhale agogowo sadasiye kalata.

Tambala alira

Ndalama zoyamba zolembedwa Malawi zidatuluka mu 1964, chaka cha ufulu, zonse zili ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda. Sikisipensi idatenga tambala, shileni idatenga mtolo wa zitsononkho za chimanga chosasenda bwino makoko, ya mashileni awiri idatenga njovu ndi mwana wake, ndipo ya mashileni awiri ndi theka idatenga chizindikiro cha dziko. Khobidi la mkuwa lidatsatira mu 1967. Banki yaikulu ya Reserve, yomwe ndi mwini wa ndalama zonse za dziko lino, idayamba ntchito zake mu 1965 mumzinda wa Blantyre.

Pa 15 February 1971 dziko lidasiya paundi n'kuyamba kwacha ndi tambala. Makwacha awiri adali paundi imodzi, choncho shileni idasanduka 10 tambala ndipo ya mashileni awiri idasanduka 20 tambala. Ochenjera omwe adakonza ndalama zatsopanozo adasiya chimanga pa 10 tambala ndi njovu pa 20 tambala, kuti amayi pamsika asasokonezeke: chithunzi chomwecho, mtengo womwewo, dzina lokha ndilo lidasintha. Tambala uja adasamukira pa 1 tambala, pa 2 tambala padabwera mbalame ya mchira wautali, pomwe pa 5 tambala padaima mbalame ya m'madambo ya khosi lalitali ngati kakowa.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakaona. Pa ndalama zoyambirira za mu 1971 dzina la dziko lidalembedwa ndi W wamba, koma zina zosulidwa m'zaka zotsatira zili ndi kachipewa pamwamba pa W uja. Kwa wogula mandasi izi zidalibe ntchito. Kwa wosonkhanitsa ndalama, iyi ndi mitundu iwiri yosiyana ndipo siikidwa m'thumba limodzi.

Mu 1986 mudatuluka 50 tambala ndi K1 yachitsulo, zachikasu. Ulamuliro utasintha mu 1994, nkhope ya Bakili Muluzi idalowa pa ndalama za 1995 ndi 1996, ndipo tambala wa chipani cha Congress adachoka: pa 1 tambala padabwera nsomba, pa K1 nkhwazi, pa 50 tambala mbidzi. Pambuyo pake nkhope ya mtsogoleri idachotsedwa, m'malo mwake mudalowa chizindikiro cha dziko. Kumayambiriro kwa 2007 anthu adalandira K5 ndi K10 zikuluzikulu za zitsulo ziwiri, zomwe zidalembedwa chaka cha 2006, zolemera mong'amba thumba la kabudula. Mu May 2012 zidalowedwa m'malo ndi K1, K5 ndi K10 zing'onozing'ono zopepuka.

Mbiriyi ili ndi mbali yake yowawa. Agogo ambiri sankasonkhanitsa ndalamazi ngati zokongoletsera, iwo ankasunga chuma. Banki idali kutali, ku Dedza pamwamba pa phiri kapena ku Salima, ndiye chitini ndicho chidali banki. Koma chitini sichibereka chiwongoladzanja, ndipo kwacha idapitiriza kuchepa mphamvu. Idagwetsedwa mu May 2012, idagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Paundi ya ku Britain yomwe mu 1971 idali K2, lero imaposa K2,000 ngakhale pamtengo wa kubanki.

Ndalama yapepala ya K2,000 idatuluka mu 2016 ndipo ya K5,000 mu 2022. Kuti munthu akwanitse K5,000 imodzi ndi ndalama zachitsulo za K10, ayenera kuwerenga 500. Ndi za K1 awerenga 5,000. Ndi za 1 tambala angafunike 500,000, katundu wofuna ngolo ya ng'ombe. N'chifukwa chake masiku ano ntchito yaikulu ya ndalama yachitsulo pa Golomoti ndi kukala khadi la mayunitsi, kumasula sikuluwu ya wailesi, kapena kuponyedwa m'mwamba ndi woimbira mpira masewero asadayambe.

Mdani wa kuchigwa

Chitini chomwe chingakhale zaka zambiri osasintha m'nyumba youma, kuno kumunsi kwa Khwekhwerere chimaonongeka msanga. Kutentha kwa mu October kukakumana ndi chinyontho cha dzinja ndi mpweya wa kunyanja, zitsulo zimayamba kudyeka. Nyumba zambiri n'zozira ndi dothi, ndipo bokosi limakhala pansi, kunsi kwa bedi, pomwe chinyontho chimakwerera. Mitsinje ya Livulezi ndi Namikokwe ikasefukira, kapena nyanja ikakwera monga idachitira mu 2024, madzi amalowa m'bokosi ndipo eni ake amayanika zovala n'kuiwala chitini.

Chitsulo chilichonse chili ndi nthenda yake. Ndalama za mkuwa, monga makobidi ndi 1 tambala ndi 2 tambala zoyambirira, zimamera zobiriwira. Zobiriwira zina n'zolimba ndipo zimangokhala ngati khungu loteteza, koma zina zimakhala ngati ufa, zimanyenyeka ndi chikhadabo, ndipo zimenezo zimadya ndalama mpaka kusiya maenje. Mchere ndi chinyontho ndizo zimaziyambitsa, ndipo thukuta la m'manja lili ndi zonse ziwiri.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pofuna kuchepetsa mtengo wosulira, ndalama zing'onozing'ono za dziko lino zidayamba kupangidwa ndi chitsulo wamba chongokutidwa ndi mkuwa kapena nikelo pamwamba. Khungu lopyapyalalo likakalika, madzi amalowa ndipo dzimbiri lofiira limayamba, lomwe limadetsa ndalama zoyandikana nazo. Kuika zitsulo zosiyana pamodzi pamalo achinyontho kumafulumizitsa kudyekako, ndipo chitini nachonso, popeza n'chachitsulo, chimalowa nawo m'nkhondoyo. Umu ndi momwe ndalama zimamatirirana.

Koma mdani woposa onse ndi munthu wa mtima wabwino amene amafuna ndalamazo ziwale. Amatenga phulusa, mchenga, mandimu, waya wotsukira mapoto kapena mankhwala opukutira mkuwa, n'kukwecha mpaka nkhope ya Kamuzu ing'anime. Akatero wapha ndalamayo. Osonkhanitsa ndalama padziko lonse amafuna ndalama yokhala ndi khungu lake lakale, ndipo yokwechedwa amaizindikira msanga pa timizere tosiyidwa ndi mchenga. Ndalama yakuda koma yosakhudzidwa imaposa mtengo yowala yokwechedwa. Ngati pali matope, n'kokwanira kuiviika m'madzi oyera, kuitsukuluza popanda kukhula, ndi kuiumitsa bwinobwino pansalu yofewa.

Kusankhula mulu

Ntchito yosanja ndalama zambiri imafanana ndi kusankha mbewu pambuyo pokolola, ndipo siyofuna phuma. Imayenera tsiku louma, pamthunzi, chitenje chakale chitayalidwa pamphasa kuti ndalama zisakalike kapena kugubuduka. M'manja mukhale mosamba ndi mouma, ndalama izigwiridwa m'mphepete, ndipo makanda akhale kutali popeza 1 tambala simachedwa kulowa m'kamwa.

Woyamba kumene amalakwitsa poyamba ndi kuwerenga zaka pa ndalama iliyonse, ndipo amatopa asadafike pakati. Njira yachidule ndi kuyamba ndi milu ikuluikulu yooneka ndi maso: za Malawi uku, za chitaganya ndi Southern Rhodesia uko, za Britain apo, za maiko ena pambali. Mulu wa Malawi, womwe nthawi zambiri ndiwo waukulu, umagawidwanso potengera nkhope: za Kamuzu za mashileni, za Kamuzu za matambala, za Muluzi, ndi za chizindikiro cha dziko. Kenako mulu uliwonse ugawidwe potengera mtengo wake. Zaka zimabwera pamapeto, milu itachepa kale.

Apa maginito a m'sipika ya wailesi yakufa amathandiza kwambiri. Ndalama za chitsulo chokutidwa zimakakamira ku maginito, pomwe za mkuwa weniweni, za siliva ndi za mkuwa wosakaniza ndi nikelo sizikakamira. Kungoyendetsa maginito okulungidwa m'kansalu pamwamba pa mulu wa 2 tambala kumalekanitsa zakale ndi zatsopano m'kanthawi kochepa, ndipo nthawi yomweyo kumachotsa zochita dzimbiri lofiira pakati pa zinzake.

Zodwala zonse, za ufa wobiriwira ndi za dzimbiri, zipatulidwe ndipo zisabwererenso mumulu, monga momwe mlimi amachotsera chimanga chofumbwa m'nkhokwe.

Mulu uliwonse ukatha, pamasankhidwa imodzi kapena ziwiri zooneka bwino kwambiri pa mtundu ndi chaka chilichonse, zomwe zilembo zake ndi nthenga za tambala zikuonekabe. Izi ndizo chuma cha banja ndipo iliyonse imalowa m'kaenvulopu kakekake ka pepala loyera louma, kolembedwa ndi pensulo dziko, mtengo, chaka ndi nambala. Inki imafalikira ikanyowa, pensulo ayi. Pepala la nyuzipepala, mphira womangira ndi selotepi si zabwino: mphira umadetsa siliva ndipo selotepi imasiya ulimbo wovuta kuchotsa. Mapulasitiki ofewa onunkha, onga a zikwama zoikamo ziphaso, nawonso akatenthedwa amatulutsa mafuta omwe amasiya utoto wobiriwira wonanda pa ndalama.

Zotsala, zomwe zingakhale mazanamazana, sizifuna envulopu iliyonse payokha. Zimangoikidwa mtundu umodzi m'botolo limodzi lagalasi lotsuka ndi louma, la chivindikiro chothina, kapena kukulungidwa m'mipukutu ya pepala ya 20 kapena 50 monga ankachitira akalaliki a m'masitolo. Kapepala kolemba mtundu ndi chiwerengero kalowe m'kati mwa botolo, chifukwa komata kunja chiswe ndi mphemvu zimadya. Timapaketi toyamwa chinyontho timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano ndi m'mabotolo a mankhwala ena timathandiza tikaikidwa m'botolomo. Mabotolo akhale ang'onoang'ono angapo, popeza lalikulu limodzi limalemera ndipo likagwa zonse zimamwazika.

Powerenga mulu waukulu sipafunika kuwerenga imodziimodzi mpaka dzuwa kulowa. Ndalama za mtundu umodzi zimalemera mofanana, choncho munthu amawerenga 100, n'kuziyeza pasikelo ya manambala ya ogula mpunga kapena nyemba, kenako n'kuyeza mulu wonse ndi kugawa. Ngati 100 zalemera theka la kilogalamu ndipo mulu wonse walemera makilogalamu atatu, ndiye kuti zilipo pafupifupi 600. Njirayi imagwira pokhapokha mulu utasankhulidwa kale. Asungichuma a m'mipingo omwe adatsala ndi zidebe za ndalama zachitsulo za chopereka cha ana angapindule nayo.

Zonse zikatha, mabotolo ndi maenvulopu akhale pamalo okwera, kutali ndi khoma lonyowa, kutali ndi utsi wa kukhitchini ndi matumba a feteleza kapena mchere. Kukwirira pansi, komwe makolo ankakhulupirira poopa akuba ndi moto, ndiko kuononga koposa. Mvula ikatha, cha mu May, ndi bwino kutsegula ndi kuona ngati palibe yomwe yayamba kudwala.

Phunziro la pa Mua

Anthu a dera lino sayenera kupita kutali kuti aone kusiyana kwa mulu wa zinthu ndi zinthu zosungidwa mwadongosolo. Pa Mua pali malo a zachikhalidwe a Kungoni, omwe adakhazikitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada. M'nyumba yake yosungiramo mbiri ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Chomwe chimakopa ophunzira ochokera kutali si kuchuluka kwa zigobazo kokha. Ndi choti dzina la gule aliyense, komwe adaonedwa, nyimbo yake ndi tanthauzo lake zidalembedwa kwa zaka zambiri, mpaka mu 2012 mudatuluka buku la When Animals Sing and Spirits Dance. Popanda zolembazo, zigobazo zikadakhala mitengo yosema yopakidwa utoto basi.

Chitini cha ndalama nachonso chimafuna kope lake. Patsamba lililonse palembedwe nambala ya envulopu kapena botolo, mtundu wa ndalama, chiwerengero, ndipo chofunika koposa, zomwe akuluakulu otsala akukumbukira. Azakhali angadziwe kuti masenti a ku South Africa adabwera ndi malume awo omwe adagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo adabwera ndi njinga ndi galamafoni. Agogo aakazi angakumbukire chomwe tiki inkagula pasiteshoni ya Mtakataka, kapena ndalama zomwe ankasupa nazo gule pabwalo. Mawu a akulu akoma akagonera, komatu amagonera pokhapokha wina atawalemba eni ake akadali moyo.

Kopelo limatetezanso mtendere wa banja. Chuma cha masiye chimadanitsa abale ngakhale chili chochepa, ndipo lamulo la zachuma cha masiye la mu 2011 lidabwera kaamba ka mikangano yotereyi. Ngati ndalama zawerengedwa pamaso pa onse, zalembedwa, ndipo masamba a kope ajambulidwa ndi foni n'kutumizidwa kwa abale a ku Lilongwe ndi ku Joni, wosunga sanganamiziridwe mawa kuti adagulitsa yamtengo wapatali mobisa. Kugawana potapa ndi mbale kumangomwaza mbiri, aliyense n'kutsala ndi zidutswa zopanda mutu. Popeza zofanana zimakhala zambiri, n'kotheka kupangira nyumba iliyonse kagulu kake, kuyambira shileni ya 1964 mpaka K10 ya 2012, pomwe zosowa zija zikhala pamodzi kwa munthu mmodzi wosankhidwa ndi banja.

Nanga za mamiliyoni zija?

Pamenepa ndi pofunika kulankhula mosapsatira. Ndalama siikwera mtengo chifukwa chongokhala yakale. Imakwera ngati zidasulidwa zochepa, ngati ili yosaperepeseka, ndiponso ngati pali anthu oifuna. Matambala a Kamuzu ndi makobidi achibowo a chitaganya zidasulidwa mamiliyoni, ndipo ogulitsa ndalama zakale ku Ulaya ndi ku South Africa ali nazo kale zambiri, zina zosayendapo m'manja mwa anthu. Yomwe idazungulira m'misika kwa zaka 20 mpaka tambala kufufutika mchira, mtengo wake ndi wochepa zedi.

Zomwe zili ndi mtengo weniweni m'zitini zambiri ndi za siliva. Ndalama zoyera za ku Britain, kuyambira tiki kupita m'mwamba, zosulidwa chisadafike chaka cha 1920 ndi za siliva pafupifupi yekhayekha, ndipo za 1920 mpaka 1946 theka lake ndi siliva. Kuyambira 1947 siliva adachotsedwamo. Za Southern Rhodesia nazonso zoyera za 1932 mpaka 1946, kupatula makobidi achibowo, zili ndi siliva. Za chitaganya ndi za Malawi zomwe zinkayenda pamsika zilibe siliva, ngakhale anthu adazolowera kuzitchula kuti masiliva. Choncho chaka cholembedwa pa ndalama ndicho choyamba kuyang'ana. Ngakhale apo, shileni imodzi ili ndi siliva wa magalamu ochepa chabe, wosagula mbuzi.

Akathyali amadziwa kuti anthu sadziwa izi. Machenjera awo ndi amodzimodzi m'maiko ambiri a kuno: wina amabwera n'kunena kuti ali ndi bwana wogula khobidi lachibowo pamtengo wa nyumba, koma choyamba mwini khobidi apereke ndalama ya mankhwala oyezera, ya ulendo kapena ya chiphaso. Ena amachita zamatsenga ndi singano kapena njere za mpunga pofuna kuonetsa kuti ndalamayo ili ndi mphamvu. Mwini khobidi akagulitsa mbuzi n'kupereka, foni ya mkulu uja imasiya kupezeka. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula weniweni ndiye amapereka ndalama, salipiritsa wogulitsa.

Palinso ochenjera a mtundu wina, omwe amagula chitini chonse pakilogalamu ngati zitsulo zakutha, podziwa kuti pansi pake pangakhale masiliva enieni angapo. Banja lomwe lidasanja ndi kulemba silingapusitsidwe motero. Mwana wasukulu wokhala ndi foni ya intaneti angathe kufufuza ndalama iliyonse m'mabuku a osonkhanitsa, monga Standard Catalog of World Coins, n'kuona chitsulo chake ndi kuchuluka kwa zomwe zidasulidwa chaka chimenecho. Wopeza ndalama zakale zokwiririka pansi polima kapena pokumba maziko achite bwino kudziwitsa a nthambi ya boma yoona zosunga mbiri ndi zinthu zakale, popeza malamulo a dziko lino amateteza zinthu zoterezi ndipo salola kuzitulutsa kunja mwachisawawa.

Ndalama za K1, K5 ndi K10 za 2012 ndi nkhani ina. Zikachuluka, n'kwabwino kuzisanja m'matumba a mtundu umodzi, chiwerengero chitalembedwa, ndi kufunsa kubanki momwe amazilandirira munthu asadalipire thiransipoti yopita ku Salima kapena ku Dedza, poopa kuti ulendo ungadye ndalama zoposa zomwe zili m'thumbamo. Kuzisungunula kapena kuzibowola kuti zikhale mphete ndi ndolo n'kulakwira lamulo loteteza ndalama za dziko. Matambala otsala ochuluka angaperekedwe kusukulu ya pulaimale yapafupi, komwe aphunzitsi amasowa zowerengetsera masamu ndi zoonetsa pophunzitsa mbiri ya dziko.

Pomaliza kusanja, pansi pa chitini pamatsala zomwe wosonkhanitsa wa kunja angazitaye: sikisipensi yopindika, shileni yobowoledwa ndi msomali, khobidi lachibowo lomwe likadali ndi kamkuzi kakuda komangidwa mfundo. Makobidi achibowo ankatungidwa pachingwe kuti asatayike, ena ankagwira ntchito pokhomera malata, ndipo ena amayi ankawamangirira m'chiuno kapena m'khosi mwa khanda. Chingwecho chisadulidwe. Khobidilo lilowe m'envulopu yake momwe lilili, ndipo azakhali aakulu afunsidwe lero lomwe kuti mwana adavala khobidi limeneli adali yani, dzina lake lilembedwe m'kope pambali pa nambala.